Malo Amodzi, Ife Awiri

Mwana wanga anali atangoyamba kuimirira chogwirira khoma pamene amalume anabwera kudzandiuza kuti andipezera ntchito ku Lilongwe. Ntchito ya m'nyumba, kwa anthu abwino, opemphera, koma anthuwo ananenetsa kuti safuna wobwera ndi mwana kumsana. Mwanayo akakhala kwa azakhali ku Kaphuka, ine ndizikamuona akandipatsa mpata. Amalume sanakalipe ayi. Anangoyang'ana nkhokwe yanga, anayang'ana denga, kenako anayang'ana ine. Bambo wa mwanayu anapita ku Joni ndili ndi pakati, poyamba ankaimba foni, kenako zii. Mayi anga anamwalira chaka chomwe ndinalemba mayeso a sitandade eyiti, sukulu inathera pomwepo. Ndiye ndikanawayankha chiyani amalume?

"Tikangokolola nyemba, unyamuke," anatero akukwera njinga.

Kuyambira tsiku limenelo munda wa nyemba ndinkauona ngati mdani. Maluwa akayoyoka, mtima phaa. Zikayamba kukhwima, ine kuthamanga kukamunyamula mwana ngakhale asakulira.

Lamulungu lina kutchalitchi analengeza kuti chipatala cha mishoni cha kwathu kuno ku Lobi chikufuna munthu mmodzi wokolopa m'mawodi, wodziwa kulemba ndi kuwerenga. Chipatalacho n'chongoyenda wapansi, kutsika phiri, kuwoloka dambo, basi wafika. Munthu ukhoza kupita m'mawa, madzulo n'kudzagona ndi mwana wako. Zimene zinanenedwa pambuyo pake sindinazimve. Ndinatembenuka kuti ndiwatsine asisi amene ndinakhala nawo benchi imodzi, ndipo ndinapeza nawonso atatchera khutu, pakamwa pali pululu.

Asisi amenewa si obadwa nawo. Nyumba yawo ili kuseri kwa yanga, ndipo ndi aakulu kwa ine ndithu. Nthawi yanga itakwana, ndiwo anakandidikirira kuchipatala, kundiphikira, kundichapira. Mwanayu anayamba kumugwira ndi iwo ine ndisanamuone nkhope. Anamusambitsa ndi iwo, tsitsi loyamba anamumeta ndi iwo. Amuna awo anafa ziwalo mbali imodzi, amangokhala pamphasa, ndipo ana awo onse ali pasukulu.

Pobwerera anayamba ndi iwo.

"Iwe, wamva?"

"Ndamva, asisi."

"Tipite tonse. Akakupatsa iwe wandipatsa ine, akandipatsa ine wakupatsa iwe. Kapena ukuopa kuti ndikakuposa kukongola?"

Tinaseka, mwana nayenso n'kumaseka osadziwa kanthu.

Tinakalembetsa, ndipo anatiuza kuti kudzakhala intaviyu. Ine mawuwo ndinkangowamva pawailesi. Ndiye tinapita kwa amadamu, mphunzitsi wopuma amene anandiphunzitsa sitandade fili, kuti atiuze kuti kumeneko kumakhala zotani. Anatulutsa tebulo ndi mpando pakhonde, anavala magalasi, anakhala kuseri kwa tebulolo ngati sakutidziwa.

"Wotsatira alowe!"

Ndinapita, ndinagwada.

"Dzuka! Wabwera kudzafuna ntchito kapena mbuzi yako yadya chimanga changa? Mpando uwo. Khala. Osati kunsonga ngati ukuthawa, khala mpaka msana ugunde. Tsopano ndiyang'ane. Pansipo pali chiyani, wataya singano?"

Asisi anaseka mpaka kugwetsa misozi, koma itafika nthawi yawo nawonso anagwada, ndipo amadamu anati tonse awiri tikafunsire ntchito yopalira, popeza maso athu amakonda dothi.

Tinkapita masana aliwonse tikaweruka kumunda. Amadamu ankafunsa, ife kumayankha, iwo kumakonza. Mukapeza magazi pansi mutani? Muvale magolovesi, muthire mankhwala, musakolope ndi chikolopa cha kukhitchini. Mukaona munthu wa m'mudzi mwanu akulandira mankhwala amene safuna kuti anthu adziwe, anzanu kumjigo akakufunsani, mudzati chiyani? Sindinaone munthu. Kufooka kwanu n'kotani? Limeneli linandivuta, ndinati ndimaopa anthu, amadamu anati ayi, unene kuti umachedwa kuzolowera malo achilendo koma ukazolowera basi. Nanga mwana adzakhala ndi ndani mukakhala kuntchito? Ndinayankha kuti pali oyandikana nawo, ndipo ndinayang'ana asisi, iwo n'kugwedeza mutu.

"Ndipo mawu akuti kaya muwasiye kunyumba," anatero amadamu. "Mukangoti kaya, ntchito yapita."

Funso lomaliza ankalisunga ngati ndiwo ya alendo. Ankavula magalasi, n'kutiyang'ana.

"Panjapo pali anthu ambiri. Tikulembereni inuyo chifukwa chiyani?"

Tsiku loyamba tonse tinangoyang'ana pansi.

"Apa mudzigulitse," anatero. "Munawaona ogulitsa kachewere pa Chimbiya? Alipo amene amati gulani kwa mnzangayu, wake ndiye wamkulu? Nenani: ndine wakhama, ndine waukhondo, sindijomba, sindiba. Nenani!"

Ndinanena, koma mawuwo ankatuluka ngati ndikulavula mchenga. Kwathu munthu sanena choncho. Ngakhale chimanga chidzaze nkhokwe, ukafunsidwa umati tapezako pang'ono. Wina akakuyamika kuti umalima, umati aa, ife timangokanda. Wodzitchula yekha kuti ndine wakhama amasekedwa mpaka pamaliro. Koma ndinkati ndikayang'ana nyemba zija zikusanduka mtundu, ndinkayesanso. Ndinkanena panjira, ndinkanena potunga madzi, ndinkamuuza mwana akuyamwa, ndine wakhama, ndine waukhondo, iye n'kumandigwira mlomo. Pakhonde pa amadamu, asisi poyamba ankabisa nkhope m'chitenje akafika pamenepo. Masiku omalizira anasiya kuseka. Ankanena molunjika, manja ali pamaondo, maso ali pa amadamu. Ndinaona, ine ndimaona zinthu, koma ndinangoti aphunzira msanga.

Tsikulo kunacha ndi nkhungu yoti phiri osalionako, kuzizira kolowa m'mafupa. Ndinavala bulauzi ya kwaya ndi nsapato zobwereka zimene zinkandiluma chidendene, ndiye ndinazinyamula m'manja mpaka titawoloka dambo. Tinapangana kuti wina akalowa, wina agwire mwana. Pachipatala tinapeza benchi yadzaza kale, atsikana a fomu folo ndi maenvulopu awo, anyamata ovala jekete, amayi ena a ku midzi ya kutsidya. Aliyense ankayang'ana nsapato za mnzake.

Anayamba kuitana ine asisi asanaitanidwe. Ndinamasula mwana, ndinawapatsa, iwo anandikonza kolala.

"Pita. Usagwade."

M'chipindamo munali anthu atatu kuseri kwa tebulo: abambo ovala tayi amene amayendetsa za pachipatalapo, anesi aakulu, ndi agogo ena aamuna a komiti. Maondo anafuna kupinda okha koma ndinakumbuka, ndinakhala pampando mpaka msana unagunda. Dzina, mudzi, sukulu. Za magazi anafunsadi, ndinayankha, anesi anagwedeza mutu. Za chinsinsi cha odwala anafunsanso, ndinayankha, agogo aja anati ehee. Mumtima ndinati Mulungu, kodi zikutheka? Ndinayamba kudziona ndikubwera m'mawa ndi majombo, madzulo ndikukwera phiri mothamanga, mwana akundidikira pakhomo.

Ndiye mwana analira panja. Kulira kwake ndimakudziwa pakati pa ana onse a sikelo, ndipo khosi linatembenuka lokha. Chipindacho chinali ndi windo loyang'ana pabwalo, lotsegula pang'ono. Anesi anatsatira maso anga.

"Mwana akulirayo ndi wanu?"

"Inde."

"Amunyamulawo ndi ndani?"

"Ndi asisi anga. Oyandikana nawo nyumba."

"Angokuperekezani?"

"Ayi, nawonso abwerera ntchito yomweyi."

Abambo a tayi anaika cholembera pansi. Sanafunse mwankhanza, anafunsa ngati mmene munthu amafunsira njira.

"Amayi, malo ndi amodzi. Tiuzeni, titenge inu tisiye iwowo chifukwa chiyani?"

Funso limene ndinaphunzira linali la anthu ambiri a panja, anthu opanda nkhope, anthu a maenvulopu. Ili linali lina. Pawindopo ndinkawaona asisi akuyendayenda, akumugwedeza mwana wanga, ndipo anali atavula juzi yawo n'kumufunditsa, iwo atatsala ndi kabulauzi kopyapyala m'chisanu chimenecho. Mawu a amadamu anali pakamwa pomwepa, onse, ndine wakhama, ndine waukhondo. Koma kuwanena kunali kunena kuti iwo aja si akhama, iwo aja si aukhondo, munthu amene anachapa nsalu zanga za pobereka ndi manja ake. Akuluakulu atatu akufunsa za munthu amene wakunyamulira mwana, umayankha bwanji? Pakamwa panayankha mmene panaleredwera.

"Iwo aja ndi munthu wabwino kwambiri. Ntchito amaidziwa kuposa ine. Pakhomo pawo mukhoza kudyera pansi. Ndiponso amadwazika amuna awo, za odwala anazizolowera."

Anthu aja anayang'anana.

"Ndiye mukuti titenge iwowo?"

"Ayi, sindikutero. Ndimati... kaya."

Ndinawamva mawuwo akugwa pansi ngati mbale. Anesi anawerama pang'ono, anafuna kundithandiza, ndinaona m'maso mwawo.

"Za anzanuwo tamva. Tsopano nenani za inu, amayi."

"Ine ndili ndi mwana," ndinatero. "Ndikapanda kuipeza ntchitoyi ndimusiya, ndipita kutauni."

Basi, mawu anathera pomwepo. Agogo aja anayang'ana kudenga. Abambo a tayi anati zikomo, mudzamva.

Potuluka mtima sunali utafa ayi. Ndinkati asisi akalowa akanenanso chimodzimodzi za ine. Si mmene zimakhalira? Anthu awiri akapatsidwa chinthu chimodzi amakankhirana, tengani inu, ayi tengani inu, ndiye wamkulu amaona yekha amene chikumuyenera. Ndinkati akuluakulu aja adzaona kuti tonse ndife anthu aulemu, adzakumbuka za mwana, adzagamula.

Anaitana asisi. Anandipatsa mwana, anavala juzi yawo, paphewa pali ponyowa ndi dovu lake. Ine ndinafuna pobisala mphepo kuti ndiyamwitse, ndipo ndinakhala pansi m'mbali mwa khoma. Nditakhala ndi pamene ndinazindikira kuti windo lija lili pamwamba pa mutu wanga. Ndikanachoka, koma mwana anali atagwira kale bere.

Ndinamva zonse. Za magazi, za chinsinsi. Kenako abambo aja anati, "Anzanu atuluka apawa akuyamikirani kwambiri. Malo ndi amodzi. Titenge inu tisiye iwowo chifukwa chiyani?"

Ndinkamva mwana akumeza. Kenako asisi analankhula, mawu osanjenjemera.

"Ndine wakhama, ndine waukhondo, sindijomba. Ana anga ndi akuluakulu, palibe wondiitana ntchito ili mkati. Usiku kapena usana ndikhoza kugwira."

"Nanga anzanuwo?"

"Ndi mwana wabwino. Koma mwandifunsa za ine."

Sananame ngakhale pamodzi. Ndakhala ndikuwatembenuza mawu amenewa nthawi yonseyi, kufuna pamene pali bodza kuti ndipeze pogwira, koma palibe.

Pobwerera nkhungu inali itachoka. Tinayenda mondondozana, iwo patsogolo, ine pambuyo. Titafika padambo anaima kuti ndivule nsapato, ndipo anatenga mwana osandifunsa, n'kumubereka.

"Unali pawindo," anatero akumanga chitenje.

"Ndinali pomwepo."

"Ndiye wamva."

"Ndamva."

"Sindinakunamizire kanthu."

"Simunaname, asisi."

"Iwe ukuganiza kuti zinali zophweka? Alamu ako aja mphasa yawadya msana, zilonda zokhazokha. Mtsikana wamkulu akuti asiye sukulu. Ndinakuona m'maso mwanga, ndinamuona mwanayu, ndiye ndinaonanso a kwanga." Anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje. "Nanga iweyo unanditamandiranji? Amadamu anatiuza chiyani? Chitsiru iwe, unanditamandiranji?"

Ankalira, ine ayi. Ndinkangoyang'ana mutu wa mwana wanga ukugwedezeka pamsana pawo, atagona tulo tabwino.

Uthenga unabwera sabata yotsatira kuti atenga iwo. Amadamu nditakumana nawo kuchigayo anayamba ndi mawu a m'kalasi, "Ndinakuuza chiyani ine?" Nditawafotokozera mmene funsolo linabwerera, anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali, ndipo anati limenelo sanaliganizire. Mwina ngakhale ndikanayankha bwino akanatengabe wopanda mwana wa m'manja, anatero. Mwina. Sindidziwa ngati ananena zoona kapena ankangondipepesa.

Masiku amenewo ndinkazemba njira ya kuseri. M'mamawa ndinkamva chitseko chawo, ndinkasuzumira pampata wa mpanda, ndinkawaona akutsika phiri. Madzulo ankabwera akununkha mankhwala a m'chipatala, ankaima pakhomo panga n'kuti odi, ine kumayankha ndili m'nyumba kuti mwana wagona. Mwanayo akamva mawu awo ankakwawa kuthamangira kukhomo, ine kumubweza ndi mwendo.

Nyemba zinauma. Tinazula, tinamenya, tinapeta. Amalume anabweranso n'kunena kuti anthu aja akudikira, ndimuletse mwana kuyamwa, Loweruka azakhali adzamutenga.

Madzulo ake asisi sanati odi. Anangolowa n'kukhala pamphasa.

"Usamupititse ku Kaphuka."

Ndinayang'ana mwana.

"Azakhali akowo wawaonapo kangati mwanayu? Akudziwa kuti phala la mchere wambiri amalavula? Akudziwa kuti akagwira khutu ndiye kuti tulo? Msiye kwa ine. Masana ndikakhala kuntchito azikhala ndi mayi anga ndi atsikanawa, sikelo ndizipita naye ndekha. Ukwiye nane mmene ungathere, koma mwana asavutikire zimenezo."

Ndinafuna kuwauza kuti mwatenga ntchito, mukufuna mutengenso mwana? Koma mwana anali atakwera kale pamiyendo pawo, akufufuza m'thumba la juzi mmene ankamusungira nthochi. Ndinaganiza za Kaphuka, nyumba yachilendo, anthu achilendo, iye akudzuka n'kusowa nkhope ngakhale imodzi yoidziwa. Ndinangoti chabwino. Amalume sanakane, anati n'kwafupi ndi chipatala.

Kumuletsa bere ndinalephera ndekha. Amati upake tsabola, ndinasinja, ndinamuyang'ana, ndinataya. Mawa lake asisi anasinja wina, anandipaka okha ine nditayang'ana kumbali. Mwana anabwera akuseka monga mwa masiku onse, anagwira, anasiya. Sanalire nthawi yomweyo. Anayamba wandiyang'ana kaye, kudabwa, ngati akufunsa kuti ndalakwa chiyani. Atayamba kulira anatambasula manja kwa ine, koma ine sindikanamunyamula chifukwa akanafunanso bere lomwelo, ndiye anamunyamula ndi asisi n'kupita naye kwawo.

Ndinanyamuka Loweruka m'mawa, iye akusewera kuseri kwa nyumba yawo, asisi anati ndisamutsanzike. Panjinga yamoto mpaka kumsewu waukulu, paminibasi mpaka ku Lilongwe, mabere atatupa ngati miyala, ndinamanga nsalu mkati mwa bulauzi. Kumene ndinafikira, amayi a pakhomopo anandifunsa funso limodzi lokha, ngati ndimadziwa kulera mwana. Ndinati ndimadziwa. Anandipatsa wawo, wamng'ono pang'ono kwa wanga.

Ndinabwera kumudzi pa Khirisimasi. Ndinatsika njinga ndisanafike, ndinathamanga ndi chikwama pamutu, ndinadutsa nyumba yanga osaiyang'ana. Ndinamupeza pabwalo pa asisi akuyenda yekha, akuthamangitsa nkhuku, wonenepa, wosamba bwino, atavala kajuzi katsopano. Kuyenda kwake koyamba sindinakuone. Ndinamuitana. Anaima, anandiyang'ana, anathamanga kukabisala kuseri kwa asisi n'kugwira chitenje chawo.

"Pita, iwe, ndi amako awa," anatero asisi, akumukankha pang'ono. "Tsiku lililonse ndimamuuza, ndimamuonetsa chithunzi chako pafoni ya mtsikanayu. Angochita manyazi, azolowera."

Anabwera, anandipatsa dzanja ngati mmene amupatsira mlendo aliyense, analandira bisiketi, anabwerera.

Anazoloweradi pang'ono. Tsiku lachiwiri analola kuti ndimusambitse, tsiku lina anagona pamiyendo panga masana, ine osasuntha mpaka mwendo unachita dzanzi. Koma akagwa ankadzuka n'kundidutsa, kuthamangira kwa iwo. Asisi ankachita ngati sakuona, ankamubweza kwa ine, ankapeza chochita kumunda kuti atisiye awiri. Palibe chimene ndingawanenere. Akumulera bwino kuposa mmene ndikanathera ndi nkhokwe yanga ija.

Tsiku lobwerera ndinati ulendo uno ndimutsanzika, zivute zitani. Ndinamunyamula, ndinamuuza kuti amama akupita, abweranso. Anandiyang'ana, anagwedeza kadzanja monga anamuphunzitsira, anatsika n'kubwerera ku zitini zake zimene ankathiramo dothi. Asisi anandiperekeza mpaka pampanda, anati ndiyende bwino, ndiziimba.

Ndinayenda pang'onopang'ono, chikwama pamutu, khutu lili m'mbuyo. Ndinkati mwina ndikafika pamtengo wa pichesi azindikira, alira. Ndinaima pamtengopo ngati ndikukonza nkhata. Ndinamva nkhuku, ndinamva wailesi ya amuna awo a asisi, ndinamva zitini zikugundana. Wanjinga anaimba belu kumsewu, ndipo ndinapita.